Usiku umene tinatola kapepala ka China

Pa 31 Disembala tinali kumudzi kwathu ku Zemba, m'boma la Chadiza. Tinali anayi ochokera ku Lusaka, tonse adzukulu a ambuya amodzi. Tinafika titatopa ndi ulendo wa tsiku lathunthu: basi ya m'mamawa pa Intercity, nsomba zouma pa Luangwa Bridge, kenako matope a mseu wa kumudzi amene anatiphunzitsa kuti nsapato zoyera ndi za m'tauni. Mvula inali itagwa masana, chimanga chili m'mawondo, mango ali mbwee pansi pa mitengo. Titadya nsima, ambuya anatiuza kuti palibe wogona, tonse tipita ku chalichi kukadikira chaka chatsopano.

Amene munakulira kumudzi mudziwa mmene usiku umenewu umayendera. Kwaya iyimba, azimai ayimba, wina apereka umboni wautali mpaka ana onse agona pa mphasa kumbuyo. Cha m'ma 10 koloko usiku, mkulu wa mpingo anavula chipewa chake n'kuikamo timapepala topinda. Pa kapepala kalikonse analembapo dzina la dziko. Anatigawa m'magulu, nati gulu lililonse litole kapepala kamodzi ndi kupempherera anthu a dziko limenelo kuti alandire Uthenga Wabwino. Amene anatola Malawi anaomba m'manja, pakuti theka la iwo ali ndi achibale kumeneko. Amene anatola Mozambique anaseka, nati kumeneko angoyenda wapansi kukawauza okha. Ife tinatambasula kathu. Panalembedwa China.

Chalichi chonse chinaseka. Mnyamata wina kumbuyo anayamba kuyeserera kakambidwe ka Machaina, wina anafuula dzina lija lonyoza limene ana amafuula pa mseu, choncholi. Tisaname, nafenso tinaseka.

Mmodzi yekha sanaseke. Ndi msuweni wathu amene anatsala kumudzi pamene ife tinapita ku tauni, ndipo usikuwo anali m'gulu lathu. Anaimirira nati, "Pempherani inu a ku Lusaka. Ine pakamwa panga sipangatuluke pemphero la anthu aja." Anatuluka, nakaima pansi pa mtengo wa mango mumdima.

Palibe anamutsata kukamutsutsa, chifukwa nkhani yake tonse tiidziwa. Boma litayambitsa pulogalamu ya misewu ya Link Zambia 8000 mu 2012, makampu a makampani a Machaina anachuluka m'zigawo zambiri, ndipo anyamata a kumidzi anathamangira kukalembedwa nchito. Msuweni wathu anagwira miyezi isanu ndi itatu pa kampani ina yotere, imene sititchula dzina. Anali kunyamula simenti ndi kusakaniza konkire opanda magulovu. Chala chimodzi chinapsinjidwa ndi mwala, ndipo mpaka lero n'chopindika. Tsiku lina anafika m'mawa napeza geti yotseka, makina atapita, malipiro a miyezi iwiri osaperekedwa. Ndalama zimenezo anali ataziwerengera kale malata. Nyumba yake ikali chiimire pa Zemba, njerwa zofika pamwamba, denga palibe, ndipo mvula iliyonse imamukumbutsa.

Nkhani yake si yokhayo. Tinakula tikumva za Chambishi, kumene mu Epulo 2005 fakitale ya Machaina yopanga mabomba ophwanyira miyala m'migodi inaphulika n'kupha anthu a mu Zambia oposa 40. Tinamva za mgodi wa malasha wa Collum ku Sinazongwe, kumene mu 2010 oyang'anira anaombera mfuti anchito amene anali kudandaula. Mu Febuluwale 2025 damu la madzi a asidi la kampani ya Sino-Metals linagumuka, poizoni analowa mu mtsinje wa Kafue, nsomba zinayandama, ndipo mzinda wa Kitwe unatsekeredwa madzi a m'mipopi. Munthu akakwiya ndi zinthu izi sanapenge.

Komabe usiku womwewo, tochi imene tinawerengera kapepala kaja inali ya foni ya Tecno, ya kampani ya ku Shenzhen. Sola ya pa denga la ambuya ndi ya ku China. Njinga yamoto imene inatinyamulira zikwama ndi ya ku China. Ku Lusaka tikadwala tipita ku Levy, mpira tionera ku Heroes Stadium, ndipo zonse ziwiri anamanga ndi Machaina. Katundu wao timagona naye ndi kudzuka naye. Koma pa anayi tonse, panalibe ngakhale mmodzi amene anakhalapo pansi ndi Mchaina kukamba naye nkhani yosakhudza mtengo wa chinthu.

Tinapemphera, chifukwa mkulu wa mpingo anali kuyang'ana. Tinakweza mau monga timachitira ku mapemphero a achinyamata m'tauni, tinatchula mdima, maunyolo ndi chinjoka. Tikakumbukira bwino, pemphero lathu linali ndi mano. Pansi pa mau okoma aja tinali kuuza Mulungu kuti awagwetse, awachititse manyazi, atembenuke kuti aleke kutivuta. Tinali kupempherera mtendere wathu, dzina lao tinangolibwereka. Itakwana 12 koloko ng'oma zinalira, tinakumbatirana, nkhani ya China tinaisiya pa benchi.

M'mawa ambuya anali kusenda nshawa pa khonde. Anatiitana tonse, ndi msuweni yemwe.

"Dzulo munapempherera ndani, inu ana?"

"Machaina, ambuya."

"Uti?"

"Onse, ambuya. Alipo 1.4 biliyoni."

"Nambala imeneyo ine sindiidziwa, sukulu ndinalekeza panjira. Ndifunsa kuti dzina lake ndani."

Tinayang'anana. Anatembenukira kwa msuweni. "Iwe unagwira naye nchito miyezi isanu ndi itatu. Uja anali kukulamulira, dzina lake ndani?"

"Tinali kungoti bwana, ambuya. Kumbali tinali ndi dzina lathu lomupatsa."

"Nanga iye anali kukuitana kuti ndani?"

"Anali kungokodola ndi dzanja."

"Ndiye kuti munali anthu awiri opanda maina," anatero ambuya, napitiriza kusenda.

Kenako anatisimbira zimene sitinamvepo. Chaka china m'nyengo ya mvula, motoka inatitimira m'matope pafupi ndi mudzi. Dalaivala anapita kukafuna ng'ombe zokoka, nasiya mnyamata wa Chichaina ataima pa mvula. Ambuya anamuitana ndi dzanja, namupatsa kampando ndi chimanga chootcha. Chinyanja sanali kuchidziwa, ndipo ambuya Chizungu alibe. Atadya, mnyamata uja anatulutsa foni naonetsa chithunzi cha kamtsikana kakang'ono kali pa miyendo ya mai wokalamba. Analoza mai uja, kenako analoza ambuya. "Ndinamva," anatero ambuya. "Anali kukamba kuti nayenso ali ndi amake. Dzina ananditchulira kawiri, lilime langa linakana kuligwira. Koma nkhope ndiidziwa, ndipo amake ndinawaona. Kuyambira tsiku limenelo ndikagwada ndimatchula mwana wa mai uja wa pa foni. Mlendo ndi mame, ana inu. Mukachedwa kumupatsa moni, dzuwa likatuluka simumupezanso."

Msuweni anakhala chete nthawi yaitali. Kenako, osayang'ana munthu, anati bwana uja anali kugona m'kontena yotentha ngati uvuni, anali kudya yekha, ndipo madzulo anali kukwera pa mulu wa miyala kufuna netiweki. Tsiku lina anamuona akupukuta misozi atamaliza kukamba pa foni. "Koma ndalama zanga anapita nazo," anamaliza motero. Ambuya sanakane.

Titabwerera ku Lusaka funso lija linatitsata. Tinayamba kuwerenga za anthu amene tinawapempherera osawadziwa, ndipo chinthu choyamba chimene tinapeza chinatichotsa matama. Ife tinali kuganiza kuti tikupempherera dziko limene silinamvepo dzina la Yesu. Mumzinda wa Xi'an muli chimwala chachitali chimene chinaimikidwa mu 781. Chimasimba kuti mu 635 mlaliki wina dzina lake Alopen, wochokera mbali za Persia, anafika ku likulu la mfumu ya China ndi mabuku a Chikhristu, ndipo mfumu inamulola kuphunzitsa. Tsopano yerekezani ndi kwathu. Amishoni a Dachi anafika pa Magwero, pafupi ndi Chipata, pa 5 Julayi 1899. Mishoni ya Nsadzu, m'boma lathu la Chadiza, inatsegulidwa mu 1908. Buku Lopatulika lathunthu m'Chinyanja linatuluka mu 1922. Uthenga unagogoda pa khomo la China zaka zoposa 1,200 usanafike pa khomo la makolo athu.

Unagogoda kangapo, chitseko chikutseguka ndi kutsekekanso. Wansembe wa Katolika Matteo Ricci anakhala m'dzikomo kuyambira 1583 mpaka imfa yake ku Beijing mu 1610, ataphunzira chinenero ndi kuvala monga ophunzira a kumeneko. Robert Morrison anafika ku Canton mu 1807, ndipo anadikira zaka zisanu ndi ziwiri kuti abatize munthu woyamba. Ife tikapempherera mnzathu milungu iwiri osaona kusintha timati mtima wake ndi mwala.

Chachiwiri chimene tinapeza chinatikumbutsa kwathu. Pakati pa 1839 ndi 1842 Britain inamenya nkhondo ndi China chifukwa boma la China linali kuletsa malonda a opium, mankhwala ozunguza bongo amene amalonda a ku Britain anali kugulitsa kumeneko. China itagonja, mapangano amene anatsegula madoko kwa amalonda anatsegulanso njira kwa amishoni. Kwa Mchaina wamba, mtanda ndi mfuti zinatsika m'sitima imodzi. Mu 1900 mkwiyo unaphulika pa kuukira kwa ma Boxer, ndipo amishoni ambiri pamodzi ndi Akhristu a Chichaina masauzande anaphedwa. Ife a kum'mawa nkhani yotere si yachilendo. Mu 1898 asilikali a Britain anagonjetsa Angoni a Mpezeni, anapha mwana wake Nsingo, nalanda ng'ombe. Chaka chotsatira amishoni anamanga msasa pa Magwero. M'midzi ya Achewa, wofuna ubatizo anauzidwa kusiya Nyau, ndipo mabanja anagawikana. Makolo athu anafunika nthawi kuti asiyanitse Yesu ndi mzungu amene anamubweretsa. Ngati Mchaina akayikira chipembedzo chimene anachiona chikubwera ndi opium, ife ndife oyenera kumumvetsa msanga kuposa ena.

Chachitatu ndicho chinatitseka pakamwa. Chipani cha Chikomyunizimu chitatenga boma mu 1949, amishoni onse anachoka m'zaka zochepa. Pakati pa 1966 ndi 1976, pa nthawi ya Cultural Revolution, machalichi anatsekedwa ndipo Mabaibulo anatenthedwa. Mlaliki wa ku Beijing Wang Mingdao anakhala m'ndende zaka zoposa 20. Watchman Nee, amene mabuku ake ena amapezeka ngakhale m'mashopu a mabuku a Chikhristu kuno, anafera m'ukaidi mu 1972. Anthu anali kukumana m'nyumba, kupemphera monong'ona, kukopera mavesi pamanja. Ambiri kunja anaganiza kuti mpingo watha. Koma mu 2018 boma la China lenilenilo linalengeza kuti m'dzikomo muli Apulotesitanti 38 miliyoni ndi Akatolika 6 miliyoni. Ena amati nambala yeniyeni ndi yokulirapo, ena amati ndi yocheperapo. Tikangotenga ya boma, Akhristu a ku China ndi ochuluka kuwirikiza kawiri kuposa anthu onse a mu Zambia, amene kalembera wa 2022 anapeza kuti tilipo 19.6 miliyoni.

Mmodzi wa ife atawerenga za kampani ya Amity ya mumzinda wa Nanjing, imene pofika 2019 inali itasindikiza Mabaibulo 200 miliyoni, ambiri otumizidwa kunja kuphatikizapo ku Africa, anatenga Baibulo lake natsegula tsamba lija limene palibe amaliwerenga. Pansi penipeni, m'tizilembo ting'onoting'ono, panalembedwa kuti linasindikizidwa ku China. Manja a Machaina ndi amene anadula mapepala ndi kusoka buku limene tinanyamula popita kukawapempherera.

Izi sizitanthauza kuti pemphero lilibe nchito. Pa anthu 100 alionse ku China, Akhristu ndi ochepa kwambiri, mwina awiri kapena atatu. Ambiri anakula akuphunzitsidwa ku sukulu kuti kulibe Mulungu, ndipo membala wa chipani cholamula saloledwa kukhala wa chipembedzo. Ena amatsata Chibuda, ena amalemekeza makolo, ndipo kuchiyambi kwa Epulo, pa mwambo wa Qingming, mabanja amapita kukasesa kumanda monga timachitira ife tikamalambula manda a kwathu. Amene akhulupirira sakhala mwaufulu monga ife. Pakati pa 2014 ndi 2016 mitanda yoposa 1,000 inachotsedwa pa madenga a machalichi m'chigawo cha Zhejiang. Mbusa Wang Yi wa mpingo wa Early Rain ku Chengdu anagwidwa mu Disembala 2018, ndipo chaka chotsatira anaweruzidwa kukhala m'ndende zaka zisanu ndi zinayi. Anzathu a Katolika ali ndi tsiku lao, 24 Meyi, limene Papa Benedict XVI anakhazikitsa mu 2007 kuti lizikhala lopempherera mpingo wa ku China. Zopempherera zilipo zambiri. Chimene chinasintha ndi kaimidwe kathu. Tinaleka kudziona ngati olemera amene akuponya zotsala kwa osauka. Kumeneko kuli abale amene chikhulupiriro chinawadyera zaka za moyo wao, pamene ife chimatidyera maola awiri pa Sabata.

Ndipo apa nkhani inabwereranso kunyumba. Mchaina amene ali ku Chengdu sitidzamuona. Koma amene ali ku Kamwala, pa kampu ya mseu, pa famu ya nkhuku kapena pa sikelo yogulira thonje, ameneyo Mulungu anamubweretsa yekha, tikiti analipira ndi kampani yake. Anatsika ndege pa Kenneth Kaunda International Airport nauzidwa kuti wafika m'dziko la Chikhristu, monga analengezera a Frederick Chiluba pa 29 Disembala 1991. Baibulo mwina sanaligwirepo. Chikhristu amachiwerenga pa ife.

Nanga amawerengapo chiyani? Msuweni wathu, tsiku lomwe lija la nshawa, anavomera yekha kuti pa kampu paja anyamata anali kuyimba nyimbo za Mulungu pa nthawi ya chakudya, usiku n'kumapopa dizilo m'makina kukagulitsa. "Tinali kudzilipira tokha," anatero. Mwina zoona. Koma bwana uja anali kuona anthu omwewo akuyimba masana ndi kuba usiku. Amawerenga pa munthu wa yunifomu amene amamuimitsa pa mseu kufuna ya drinki. Amawerenga pa ana amene amamuthamangira ndi dzina lonyoza, akulu akuseka. Mu 2012, pa mgodi uja wa Collum, anchito okwiya anapha woyang'anira wa Chichaina. Mu Meyi 2020 Machaina atatu anaphedwa pa nyumba yosungiramo katundu ku Makeni, nyumbayo n'kutenthedwa. Nawonso anali ana a eni, ndipo kwao kunagwa maliro. Ife timakumbukira Chambishi, iwo amakumbukira Makeni, ndipo aliyense amawerenga mabala ake okha.

Ku Sande sukulu tinaphunzira za Yona ngati nkhani ya chinsomba. Titakula tinaona kuti ndi nkhani ya munthu amene sanafune kuti adani ake akhululukidwe. Anathawa ulendo wa ku Nineve chifukwa anadziwa kuti Mulungu angawachitire chifundo, ndipo atawachitiradi, Yona anakwiya. Usiku uja pa Zemba, ife amene tinapemphera mokweza tinali a Yona kuposa msuweni amene anatuluka panja. Iye anakamba zoona za mumtima mwake. Ife tinabisa zathu m'mau a chalichi.

Palinso kamtsikana kaja ka m'buku lachiwiri la Mafumu, kamene kanagwidwa ukapolo ndi asilikali a Aramu n'kumatumikira m'nyumba ya Namani. Kanali ndi zifukwa zonse zokhalira chete ndi kuona bwana wake akudyedwa ndi khate. M'malo mwake kanauza mkazi wake kumene kuli mneneri. Kanalibe udindo, kanalibe ndalama, kanali wanchito m'nyumba ya mlendo wamphamvu. Ambiri a ife amene timagwira nchito m'mashopu ndi m'mafakitale a Machaina tili pamalo pomwepo.

Apa wina adzati, "Ndiye mukufuna tizipemphera iwo akutidyera masuku pamutu?" Funso limeneli ndi loyenera, ndipo msuweni wathu ali ndi ufulu wolifunsa. Yankho limene tafikapo ndi lakuti kupempherera munthu sikufafaniza ngongole yake. Kalata ya Yakobo imakamba mosabisa za olemera amene amabisa malipiro a anchito ao. Zakeyu atalandira Yesu m'nyumba mwake, amene anayamba kuona kusintha ndi anthu amene anawabera, chifukwa anawabwezera. Choncho msuweni apite ku ofesi ya za anchito, alembetse dandaulo lake, ndipo ife a m'tauni timuthandize kulemba kalata ndi ndalama ya basi. Anthu a m'mbali mwa Kafue afunse chipukuta misozi mpaka achipeze. Boma likakamize kampani iliyonse, ya Machaina kapena ya munthu wa kuno, kupereka magulovu ndi malipiro a pa lamulo. Zonsezi tingachite ndi dzanja limodzi, lina litakwezedwa kupempherera munthu yemweyo. Chovuta n'chakuti pemphero lisasanduke njira yotolera ngongole. Ngati tifuna Mchaina apulumuke kuti ife tipindule, tikali kupempherera thumba lathu.

Pali Machaina ena amene sitinawaganizire usiku uja. Ian Smith atalengeza ufulu wa azungu ku Rhodesia mu 1965, Zambia inatsala ngati nyumba imene khomo lake lili m'bwalo la mdani. Maiko a kumadzulo anakana kupereka ndalama za njanji yopita ku nyanja. A Kenneth Kaunda ndi a Julius Nyerere anapita ku China, ndipo pakati pa 1970 ndi 1975 Machaina pamodzi ndi anthu a mu Zambia ndi Tanzania anamanga TAZARA, makilomita 1,860 kuchokera ku Dar es Salaam kufika ku Kapiri Mposhi. Machaina oposa 60 anafera pa nchito imeneyo. Mu 2022 anatsegula malo owakumbukira m'boma la Chongwe, boma lomwelo limene basi yathu imadutsa popita kumudzi. Anyamata amenewo anachoka kwao pa nthawi imene machalichi onse a m'dziko lao anali otseka. Anafika pakati pa anthu oyimba nyimbo za Mulungu, ena nafera konkuno. Timadzifunsa ngati panapezeka ambuya wina amene anawapatsa kampando.

Mapemphero athu tsopano ndi aafupi kuposa a usiku uja, ndipo alibe chinjoka. Timapempherera mbusa amene ali m'ndende ndi banja lake. Timapempherera amene amasonkhana m'nyumba mwamantha, ndi amene amasonkhana m'machalichi ololedwa ndi boma, kuti onse asataye mtima. Timapempherera mnyamata amene akugona m'kontena kutali ndi mwana wake, kuti akumane ndi Mkhristu mmodzi wa mu Zambia amene sadzamubera kapena kumunyoza. Timapempherera eni makampani kuti aope Mulungu pa nkhani ya malipiro ndi mitsinje. Ndipo timadzipempherera tokha, chifukwa taona kuti pakamwa pamene pamatuluka choncholi ndi pomwe pamatuluka ameni.

Mwezi watha mmodzi wa ife anapita ku Kamwala kukagula babu la sola ya ambuya. Mai wa Chichaina amene amakhala pa kauntala wamugulitsa zinthu zaka zitatu. Atalipira, anamufunsa dzina. Mai uja anadabwa, anayang'ana kumbuyo ngati kuti funso ndi la munthu wina. Kenako anaseka, natenga lisiti, nalemba dzina lake kuseri m'zilembo zao ndi m'zilembo zathu, nafunsanso dzina la mnzathuyo. Palibe anatembenuka mtima tsiku limenelo, ndipo za Yesu sizinakambidwe. Anangodziwana maina. Lisiti lija tinalitumiza ku Zemba pamodzi ndi babu.

Amene analandira katunduyo pa siteji ndi msuweni. Anatiimbira foni madzulo ataima pa chulu pamene pamagwira netiweki. Anati ambuya ayesa kutchula dzina lija katatu, lilime lakananso, ndipo alipinda n'kuliika m'Baibulo mwao. Tinamufunsa ngati iye wayambako kupempherera bwana wake uja. Anakhala chete mpaka tinaganiza kuti foni yaduka.

"Ndinayesa kamodzi," anatero. "Ndinauza Mulungu kuti amuonetse njira, iye ndi mwana wake. Koma ndinamuuzanso kuti ndalama zanga za malata ndikali kuzifuna."

Tinamuuza kuti kalata ya ku ofesi ya za anchito tailemba kale, ibwera ndi basi ya Lachisanu.